Kalaliki wosadya nsima wafika pa saiti ku Kabwe

Amene sanagwirepo ntchito ya zomanga amayesa nyumba imaima ndi simenti ndi zitsulo basi. Imaimanso ndi mafunso. Wojambula pulani waika khomo apa, injiniya naye waika chipilala pomwepo, ndiye kontilakitala, poopa kugumula mawa zomwe wamanga lero, amalemba kalata: abwana, anthu azilowera pati? M'maofesi kalata imeneyi amaitcha RFI. Imakhala ndi nambala, deti, ndi tsiku loti yankho likhale litabwera. Pa ntchito yaikulu ngati yokuza msewu wa Lusaka kupita ku Ndola, makilomita oposa 300 odzera kuno ku Kabwe, makalata otere amadzaza makabati.

Makampani a mapulogalamu a zomanga, monga Procore ndi Autodesk a ku America, tsopano aikamo AI. Umaifunsa ngati munthu, iyo n'kukafukula m'mafayilo, n'kubwera ndi kalata pamodzi ndi yankho lake. Kuno kwathu, chikwerereni ndalama za chitukuko za CDF mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ku Bwacha ndi ku Kabwe Central makalasi ndi zipatala zazing'ono zangoti mbwee, ndipo ngakhale kontilakitala wamng'ono wa giredi 6 ku bungwe la zomanga la NCC wayamba kulota zamakono. Wina wotere akuti anabwera ndi mapulogalamu awiri pa saiti kuti ayesedwe. Maina ndasunga, ana anga akadali pasukulu.

*

Woyesa anali kapitawo, mdala wakum'mawa amene anayamba ntchito mgodi wa kuno usanatsekedwe. Mnyamata wa laputopu anati, "Amdala, funsani chilichonse."

"Ufunse kalata ija tinalemba yokhudza chikepe chokwerera kunsanjika yachitatu."

Zimene ankamanga ndi makalasi atatu apansi, denga lamalata. Pulogalamu yoyamba sinachedwe. Inapereka nambala ya kalata, tsiku, ndi yankho la injiniya loti chikepecho chizinyamula anthu asanu ndi atatu.

"Mwana uyu ngwaulemu, sakanira akuluakulu," anatero mdala. "Koma ukam'tuma simenti abwera ndi lisiti lokha."

Yachiwiri inangoti kalata yotere mulibe m'mafayilo. Mdala anavula chipewa. "Tsitsi lonseli lachita imvi pa saiti, sindinaonepo kalaliki wovomera kuti chinthu palibe. Onse amati bwerani mawa."

Yoyamba inabwezedwa tsiku lomwelo.

*

Anaifunsa yotsalayo za kukula kwa zitsulo za m'mabimu. Inati Y10, n'kuonetsa kalata yosainidwa bwinobwino. Wopinda zitsulo anali atagwira kale sowo pamene mayi wosunga mafayilo anatulukira ndi pepala lina: injiniya yemweyo, patapita miyezi iwiri, anasintha maganizo n'kulemba Y12.

Mnyamata wa laputopu anaikira kumbuyo katundu wake. "Komatu sinaname."

"Eya, sinaname. Yanena zoona za chaka chatha."

Kuyambira pamenepo mdala sankalandira yankho lopanda mboni. Wasaina ndani, liti, ndipo palibe ina yobwera pambuyo pake? Ine ndikuti mafunso atatu amenewa akuposa zonse zolembedwa m'kabuku kotsatsira malonda.

*

Tsiku lina inachenjeza kuti kalata nambala 14, yokhudza kutalika kwa mawindo, sinayankhidwe chiitumizireni. Amisiri anaseka mpaka kugwira m'mimba, poti mawindo anali ataikidwa kale, magalasi ndi maloko omwe.

Yankho linabwera ndithu. Injiniya anafika pa saiti ali pachangu, anatola pepala la thumba la simenti, n'kujambulapo ndi pensulo ya kalipentala. Masana ake mayi wophikira antchito anasowa choyatsira mbaula.

"Lemba momwemo," anatero mdala, "kuti nambala 14 inayankhidwa, ndipo yankho linapsereza nyemba."

Mayankho ena asanu anali pa WhatsApp, a mawu ojambula, mu foni ya mnyamata wa sitolo. Foniyo inagwera m'konkire tsiku lothira silabu. Mpaka pano ili momwemo, pansi pa kalasi ya giredi 2, ndipo m'chigawo chonse cha Central mulibe fayilo yosungika bwino chotero.

*

Apa pokha ndichepetseko kuseka. Mwini kampani, pofuna kuti makina akhale anzeru, anathiramo mafayilo a ntchito zake zonse, za ku Kabwe, za ku Mkushi, za ku Serenje, mumphika umodzi. Atakumba maziko anafunsa kokataya dothi. Yankho linabwera msanga: lisalazidwe pabwalo losewerera ana.

Kalatayo inali yeniyeni, yosainidwa, koma ya sukulu ya ku Mkushi. Kuno nkhani ya dothi si yamasewera. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka mu 1902, tauni ino n'kumera pamenepo ndi dzina la Broken Hill, ndipo mgodi utatsekedwa mu 1994 mtovu sunapakire nawo katundu. Udakali m'fumbi la ku Kasanda, ku Chowa ndi ku Makululu, ndipo umalowa m'magazi a ana osewera pansi. Dothi limene ku Mkushi mungabzalepo kapinga, mbali zina za kuno limafuna kuyezedwa kaye.

Mdala anayang'ana laputopu nthawi yaitali. "Ufunse ngati ili ndi ana."

"Ilibe, amdala."

"Zikuoneka."

*

Mlonda, gogo amene amadziwa mbiri ya tauni yonse kuyambira pa mkuyu waukulu uja wa pakati pa tauni, anamva kuti makinawa amatchula makalata onse ochedwa kuyankhidwa. Anasendera pafupi.

"Mwana wanga, tafunsa za mutu uja."

"Mutu uti, agogo?"

"Wa munthu wakalekale amene anam'fukula mu mgodi mu 1921. Anapita nawo ku London, uli ku Natural History Museum. Boma lakhala likupempha zaka makumimakumi kuti ubwerere. Ngati pali kalata yochedwa yankho mu Kabwe muno, yoyamba ndi imeneyo."

Makina anati nkhaniyo si ya pulojekiti ino.

"Akuyankha ngati a ku London omwewo," anatero gogo, n'kubwerera kugeti.

*

Wina anaiwala kutseka laputopu nthawi ya nkhomaliro. Mnyamata wokankha wilibala, amene anafika giredi 12, anafunsa mwaulemu kuti kampani inalemba ndalama zingati pa tsiku la munthu wokankha wilibala. Makina, posadziwa kusiyanitsa bwana ndi wantchito, anayala zonse poyera.

Madzulo amenewo konkire sanasakanizidwe. Panali msonkhano pansi pa mtengo, ndipo mawa lake mwini kampani anaphunzira kuika pasiwedi mofulumira kuposa mmene anaphunzirira kuyendetsa galimoto.

*

Anakonza mpikisano: makina ndi mayi wa mafayilo, apeze msanga ndani kalata ya mapaipi. Ulendo woyamba makina anapambana mayi asananyowetse n'chala chomwe. Ulendo wachiwiri magetsi anathima, monga ankachitira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, netiweki nayo n'kutsatira. Mayi anatsegula fayilo mosapupuluma, anapeza kalata, anamwa tiyi, n'kufunsa mnyamata wa laputopu ngati mnzakeyo akufuna am'sungire kapu.

*

Funso lomaliza linachokera kwa mwini kampani, ndipo analifunsa motsitsa mawu. "Ndalama za satifiketi yachitatu zituluka liti?"

Makina anatulutsa makalata asanu ndi awiri ofunsa zomwezo, iliyonse ndi deti lake, ndi yankho limodzi lobwerezedwa kasanu ndi kawiri: zikukonzedwa.

Mdala anawerenga onse imodziimodzi, akugwedeza mutu. "Bwana, apa ndiye yakhoza zonse, palibe cholakwa ngakhale chimodzi. Tiigule."

"Ndi ndalama ziti?"

"Muiuze kuti zikukonzedwa."