Nawonso a Harvard akulira mitengo

Mkulu wa danga lino ali ndi luso limodzi: kuwerenga nyuzipepala osagula. Amaima pomwe venda wayala, n'kumeza mitu yonse ya tsamba loyamba, ndipo venda akatsokomola iye amanamizira kuyankha foni yopanda mayunitsi. Posachedwapa wapeza anzake pa khalidweli, ndipo ndi mapulofesa.

Iwonso akafuna nkhani m'magazini a kafukufuku pa intaneti amangolawa ndime yachidule, kenako chitseko gwa! Zotsalazo n'zolipira, ndipo m'madola.

Malonda ake ndi omwe amusowetsa tulo mkuluyu. Wophunzira amafufuza zaka, kawirikawiri ndi ndalama za msonkho, n'kupereka zomwe wapeza kwa osindikiza ulele. Anzake amaunika ntchitoyo, ulelenso. Ikasindikizidwa, laibulale ya yunivesite yake yomweyo imaigula pa mtengo woboola m'thumba. Zili ngati mlimi wosiya thumba la chimanga kuchigayo, n'kuthandiza kupeta, mawa n'kudzagula ufa womwewo. Kampani yosindikiza magaziniwa ya Elsevier, ya ku Amsterdam, imatsala ndi phindu loposa madola 30 pa madola 100 aliwonse olowa. Mkulu wathuyu, yemwe geni yake ya zitumbuwa idagwa chifukwa chodya yekha katundu, wavula chipewa.

Mu 2012 laibulale ya Harvard, yunivesite yolemera kuposa zonse, idadandaulira aphunzitsi ake kuti makampani akuluakulu osindikiza magazini akuilipiritsa pafupifupi madola 3.75 miliyoni pachaka. Mu 2019 University of California, yomwe inkapereka madola pafupifupi 11 miliyoni pachaka kwa Elsevier, idangoti basi takwana, mpaka adamvananso mu 2021.

Tsono ngati akulira ndi amenewo, nanga kuno? Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi, koma bilu ya madola sidasunthe. Chomwe chimatipulumutsa n'chakuti malaibulale athu adapanga bungwe la MALICO mu 2003 kuti azisonkha n'kugulira limodzi, komanso pulogalamu ya Hinari, yomwe bungwe la WHO lidayambitsa mu 2002, imalola mayiko osauka kuwerenga ambiri mwa magazini a zaumoyo osalipira. Mkuluyu akuti aka n'koyamba umphawi kumupatsa mwayi woposa wa munthu wa ku Harvard, ngakhale sakudziwa kuti adyapo bwanji.

Choncho inu awerengi, mukakumana ndi woyang'anira laibulale ali ndwii, musathamangire kufunsa kuti maliro ndi a ndani. Mufunseni kuti dola lero ili pa zingati.