Ku Monkey Bay kogona amakusankhirani

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma akuluakuluwo sanatsikepo minibasi pa Monkey Bay dzuwa litapendeka n'kufunsa kuti kogona kwabwino n'kuti. Kuno wofunsa ndiye amadya phulalo, chifukwa aliyense amene mungamuimitse ali ndi azakhali ake a resiti.

Woyamba kukulandirani ndi wakabaza. Iyeyu nkhope alibe nayo ntchito. Amayamba nsapato, kenako chikwama, kenako foni, ndipo akamafika pa kolala ya malaya amakhala atagamula kale mlandu wanu. Nsapato zopolisha ndi chikwama cha laputopu: "Bwana wanga, tiyeni ku loji." Patapata ndi jumbo m'manja: "Aise, kwera, kuseri kwa msika kuli resiti ya bho." Mzungu wobereka chikwama chachitali samufunsa n'komwe, amangoliza njinga kuloza ku Cape Maclear.

"Koma ndi pafupi ndi nyanja?"

"Eee bwana, madzi mumachita kuwamva muli pabedi."

Sananame. Madziwo muwamvadi usiku wonse, akudontha pampope wa kubafa. Nyanja nayo ilipo: mukakwera pachulu cha kuseri kwa chimbudzi n'kusolola khosi, imaoneka pang'ono pakati pa mlambe ndi nsanja ya mafoni.

Pakauntala mupeza amayi akuonera filimu ya ku Nigeria, ndipo ulemu wake ndi kudikira kaye kuti mfiti ya m'filimuyo iulule. Akatero amakukankhirani kope la alendo. Mukalitsegula mudzaona kuti dziko lino lili ndi mafuko awiri okha, a Banda ndi a Phiri, onse ntchito yawo ndi bizinesi, onse achokera ku Lilongwe ndipo akupita ku Lilongwe.

"Selefu kapena wamba?"

Mukasankha selefu amakupatsani kiyi womangirira kuchithabwa chachikulu moti simungamuiwale m'thumba. Kenako mwambo woyendera chipinda umayamba. Mumakanikiza matiresi ndi chibakera, matiresi osabwerera. Mumayatsa fani, fani n'kupukusa mutu kamodzi, basi. Pakona pali ndowa yodzaza.

"Amayi, madzi amatuluka?"

"Amatuluka bwana."

"Nanga ndowayi?"

"Ndi ya pamene sakutuluka."

Nyanja yotalika makilomita oposa 500 ili chapompano, inu n'kumasamba ndi kapu, mukuwerenga madontho.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi neti. Ya m'resiti imakhala ndi mfundo zambirimbiri, mfundo iliyonse ndi chikumbutso cha mlendo wina amene anamenya nkhondo usiku. Musachite manyazi kuitambasula amayi aja akuona. Amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Robert Laws, anafika ku Cape Maclear mu 1875, anaona gombe lokongola ndi doko labata, n'kunena kuti tipume pompano. Pofika 1881 malungo anali atawasamutsira ku Bandawe, manda a anzawo atatsala m'mbuyo. Amenewo ndiwo alendo oyamba kusankha kogona poyang'ana kukongola kwa gombe, ndipo udzudzu womwe unawalandira uli ndi zidzukulu.

Usiku woti mawa lake sitima ya Ilala inyamuka, mitengo ya zipinda imadzuka yokha. M'khonde mumadzaza matumba a chimanga, malata, njinga ndi nkhuku zomangidwa miyendo, zonse zikudikira ulendo wa ku Likoma ndi ku Nkhata Bay. Sitimayi yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951, ndipo pali maresiti ena amene matiresi awo akuoneka kuti anabwera pa ulendo woyambawo.

Ndiye pali anzathu a mawekishopu. Masana ali m'holo yozizira ya hotela ina pamsewu wochokera ku Mangochi, baji pakhosi, madzi a m'botolo patsogolo, akukambirana zothetsa umphawi. Alawansi ikangolowa m'thumba, umphawi woyamba kuthetsedwa ndi wawo: amuna atatu a mataye chipinda chimodzi cha wamba, wamkulu paudindo pabedi, enawo pansi motsatira magiredi. M'mawa wakabaza amadziwa ntchito yake. Amawatsitsa chapatali ndi geti kuti alowe wapansi, manja kumbuyo, ngati anthu amene amakawongola miyendo kugombe. Chithunzi cha pa WhatsApp amajambulitsa pafupi ndi dziwe losambiramo la hotelayo.

Ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe, nkhani ndi ina. Kumeneko kuli paki yoteteza nsomba za mbuna yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mitengo ya malo ena imatchulidwa m'madola. Akulozerani kanyumba kofolera udzu, kabedi kansungwi, nyali ya kandulo, n'kukuuzani kuti chimenechi ndiye chipinda chapamwamba. Mzungu amaomba m'manja. Mnzathu wa ku Ndirande amagwira m'chiuno: "Achimwene, ine ndinathawa nyumba yaudzu kwathu ku Thyolo. Lero ndilipire madola kuti ndigonemonso?" Amabwerera kukafuna chipinda cha matailosi ndi TV, zenera lake loyang'ana kumpanda wa njerwa, n'kugona mokhutira kuti wafikadi kunyanja.

Wochenjera amati ine ndikagona kwa abale. Ndipo abalewo salola zina: "Alamu, mukagone ku resiti ife tilipo? Anthu atiseka!" Ana amasamutsidwira pamphasa pabalaza, inu n'kupatsidwa bedi, zonse zaulere. Kukacha shuga watha. Mayunitsi a magetsi atha. Mlendo sangadye usipa, ndiye pafunika chambo, ndipo wogula chamboyo ndi mlendo yemweyo. Madzulo amakuonetsani mwana wanzeru kwambiri amene wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Potsanzikana amakusenzetsani dengu la usipa wouma kuti mukasiye kwa achemwali awo ku Area 25, ndipo m'minibasi monse anthu akudziwani ndi fungo. Mukawonkhetsa, ku loji kuja kunali kotchipa.

Kulikonse kumene mungagone, tulo ndi ta maola ochepa. Bala yapafupi imatseka nkhuku zitatsala pang'ono kulira, kumzikiti kuitana kwa mapemphero kumayamba kusanache, asodzi amabwera kuchokera kunyanja akukuwa mitengo ya usipa, ndipo anyani amatsegulira tsiku ndi mpikisano wothamanga padenga lamalata.

Mukatuluka kukafuna tiyi mupeza tawuni yonse ikudziwa kale. Amayi a mandasi amakupatsani moni: "Mwadzuka bwanji bwana a mu nambala 6? Fani ija inayenda?" Chigamulo nacho chinaperekedwa usiku womwewo. Wagona ku loji, akudya ndalama za boma. Wagona ku resiti, zinthu zamuvuta. Wagona kwa abale, ndi woumira. Wapita ku Cape, akudziyesa mzungu.

Komabe musaganize kuti ndi anthu ouma mtima. Alendo amawadziwa, ndipo amadziwanso kuti kumene mukubwerera kuli a ku akaunti amene akudikira mapepala. Mukamabweza chithabwa cha kiyi chija, amayi a pakauntala amatsitsa voliyumu ya filimu, amatsegula buku la malisiti, amanyambita chala, n'kukufunsani mwaulemu wonse:

"Palisitipa ndilembe zingati, bwana?"