Za Kuyenda Kopanda Kopita m'Chigwa cha Domasi

Chigwa cha Domasi, chimene chili pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa, momwe mtsinje wa Domasi umadutsa pa ulendo wake wokathira m'nyanja ya Chilwa, chakhala malo osulirako aphunzitsi kwa nthawi yaitali kotero kuti anthu a kumeneko anazolowera kuona zachilendo osayasamula kukamwa. Mishoni ya Church of Scotland inakhazikitsidwa kumeneko mu 1884, sukulu ya Jeanes, imene inkasula aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi pamodzi ndi akazi awo, inatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, bungwe lokonza maphunziro la Malawi Institute of Education linadza pambuyo pake, ndipo mu 1993 Domasi College of Education inayamba kusula aphunzitsi a sekondale. Komabe pali mtundu umodzi wa wophunzira umene chigwachi sichinaumvetsebe, ndiye wophunzira uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi amene wafika pa gawo la zosangalatsa za panja, ndiko kunena kuti kukwera mapiri, kuyenda maulendo aatali wapansi, kusambira mumtsinje ndi kugona m'matenti, zonsezi popanda womutuma, popanda malipiro, ndiponso popanda chimene akukatenga.

Gwero la vutoli lili m'mabuku a phunziroli, amene ambiri mwa iwo analembedwera anthu a m'maiko momwe munthu amatandala pampando tsiku lonse mpaka dokotala kumulamula kuti aziyendako. Ku Domasi ulendo uliwonse uli ndi dzina lake: wina ndi wa kuchigayo, wina wa kudimba, wina wa kumsika wa Songani, wina wa kuchipatala cha St Luke's ku Malosa, wina wa kumaliro. Pachifukwa ichi funso lakuti "Ulendo wa kuti, achimwene?" limafunsidwa mwaulemu ndipo limayembekezera yankho lokhala ndi mutu. Wophunzira akayankha moona mtima kuti "Ndikungoyenda basi," wofunsayo amati "Oo, chabwino," mawuwo akuwakoka pang'onopang'ono, ndipo wophunzirayo asanakhote pamtengo wa mango wotsatira mlandu wake umakhala utaweruzidwa kale, kuti mwina akuthawa ngongole, mwina kuli mbeta imene akuizembera, koma kawirikawiri akuti sukulu yamuzunguza mutu. Ophunzira a chaka chachiwiri, amene anaphunzirapo kanthu, amayankha kuti akukazonda abale ku Malosa, koma bodzali lili ndi msonkho wake, pakuti wofunsayo amafuna kudziwa kuti abalewo ndi a kwa yani, ndipo nthawi zambiri amapezeka kuti nayenso akulowera komweko.

Kuthamanga kumabweretsa zovuta zozama kuposa apa. M'kalasi wophunzira amauzidwa kuti mtima umalimba ngati ugunda mofulumira kwa mphindi 20 kapena 30 mosalekeza, ndipo amapatsidwa njira yoyerekezera malire a kugundako, yomwe ndi kuchotsa zaka za munthu pa 220, kotero kuti mnyamata wa zaka 22 asayembekezere kupitirira 198 pa mphindi imodzi. Amene anakonza masamu amenewa sanawerengere agogo amene akhala pachitsa m'mbali mwa njira. Mwambo wa m'chigwachi sulola kuti mwana adutse wamkulu ali chithamangire, choncho wothamangayo amaima, kuvula chipewa, kuwerama pang'ono, kuomba m'manja, ndi kuyankha za mmene wadzukira, za kumene achokera makolo ake ndi za mvula ya kwawoko, ndipo ngati agogowo ayamba ndi "Ajimwiche uli?" ayenera kupukusa Chiyao chonse chimene anatola kumsika. Pofika potsanzikana mtima uja wabwerera mwakale, ndipo ntchito iyenera kuyambikanso, mpaka pa agogo otsatira. Masamba oyalidwa pamsewu, amene ndi chizindikiro cha maliro, amathetseratu nkhani yonse, chifukwa pamene ngakhale wanjinga amatsika n'kumakankha, munthu wodumphadumpha ndi wotchi m'manja sangapeze womuikira kumbuyo.

Palinso mfundo imene wophunzira aliyense ayenera kuidziwa asanathamange yekha pafupi ndi msika, yakuti munthu wamkulu wothamanga popanda mpira amakhala wakuba kapena wothamangitsa wakuba, ndipo khamu la anthu silichedwa ndi kufufuza kuti iyeyu ndi uti. Ku Domasi mfundoyi imalemera kwambiri chifukwa kuli ndende, kotero kuti bambo wandevu wovala kabudula woyera amene akuthamangira kuthengo m'bandakucha amadzetsa mafunso amene satifiketi ya koleji singawayankhe msanga. Okhawo amene amamuchitira chifundo ndi anyamata a kabaza, amene amapalasa pambali pake akumudandaulira kuti, "Kwerani, bwana, musadzizunze, ndalama mudzapereka pakutha pa mwezi."

Ophunzira aakazi ali ndi luso lawolawo. Lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi linathetsedwa mu 1993, chaka chomwecho chimene koleji inayamba, koma maso a azakhali a m'mudzi sanalandire kalata yowadziwitsa. Choncho wophunzira wamkazi amatuluka pachipata atamanga chitenje pamwamba pa thalauzi la masewera, amachimasula akalowa m'tchire, amachimanganso akangoona denga, ndipo pa ulendo umodzi manja ake amagwira ntchito yochuluka kuposa miyendo.

Kukwera phiri ndiye pachimake pa phunziroli, ndipo ndi pomwe ulemu wa wophunzira umayesedwa kwenikweni. Nsonga ya Malumbe, yomwe ndi yaitali kuposa zonse pa phiri la Zomba, imapitirira mamita 2,000, ndipo gulu limanyamuka m'mamawa litavala majombo a pakaunjika, zikwama kumsana, mabotolo a madzi m'mbali, mtsogoleri atakoleka wezulo m'khosi. Dzuwa likamafika paliwombo, gulu lija limapezeka litagona chagada pathanthwe, majombo atavulidwa, matuza akupimidwa, ndipo pa nthawi yomweyo m'njira yomweyo mumatsika mayi wosenza mtolo wa nkhuni wotalika kuposa iye mwini, mwana ali kumbuyo, patapata kuphazi, thukuta likutsikira m'khosi koma mpweya uli m'malo mwake. Mayiyo amaima, mtolo uli pamutu pomwepo, n'kufunsa mwachisoni chenicheni kuti, "Pepani aphunzitsi, kodi wina wadwala?" Mtsogoleri, amene ayenera kuteteza dzina la phunziro, amayankha kuti, "Iyayi mayi, tikupuma mwadongosolo." Mayiyo amavomera, chifukwa aphunzitsi satsutsidwa pagulu, koma asanapitirire amasiya langizo lakuti potsika atoleko nkhuni ziwiri zitatu, popeza munthu kuchoka kuphiri chimanjamanja amaseketsa ana.

Amene afika pamwamba amapeza malo awiri otchuka oonerapo dziko, Queen's View, amene anatchedwa choncho pokumbukira ulendo wa mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anacheza m'dziko muno mu 1965. Mayinawa akusonyeza bwino lomwe kuti kukwera phiri n'cholinga chongoyang'ana pansi inali ntchito ya mafumu, ndipo wophunzira amene wafikapo akukwawa amakhumudwa pang'ono poona kuti msewu wa galimoto umafika pafupi pomwepo. Kukhumudwaku kumakula akakumana ndi ogulitsa masitiroberi ndi mabulosi, amene akangoona chikwama cha kumsana amamulonjera m'Chingerezi n'kutchula mtengo wa alendo, ndipo mwana wa ku Mayaka kapena ku Jali, amene ndalama yake ya mwezi inatha pa 10, amayamba kulumbira m'dzina la mfumu ya kwawo kuti iye ndi wakonkuno.

Za mapu ndi kampasi, kachipangizo kamene singano yake imaloza kumpoto, sizifuna mawu ambiri. Palibe munthu wa m'chigwachi amene angalole mlendo kuima pamphambano akuzunguza pepala, choncho amamulondolera ngakhale asanafunse, ndipo malo alionse, kaya ali pa mtunda wa maola atatu, amakhala "pompa, mukangodutsa kamtsinjeko."

Kumtsinje malamulo ndi akale ndipo ndi omveka: amuna ali ndi dooko lawo, amayi ali ndi lawo, ndipo woyandikira amafuula "Odi kumadziko!" n'kudikira kuyankhidwa. Chimene chimasokoneza anthu ndi gulu la akuluakulu olowa m'madzi popanda sopo, n'kumapita uku ndi uku wina akuwawerengera nthawi pamtunda, ndipo sizachilendo kuti mayi wachifundo atume mwana kukapereka kachidutswa ka sopo wochapira kwa aphunzitsi ovutikawo. Ana a m'mudzi, amene sanamvepo dzina la kasambiridwe kalikonse, amawapitirira ophunzirawo ngati matemba, ndipo wophunzira wanzeru amakumbukira kuti madzi odekha a kumunsi, cha ku minda ya mpunga, amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, matenda amene salemekeza dipuloma.

Chotsala ndi kugona panja, kumene cholinga chake, malinga ndi mabuku, ndi kuphunzitsa achinyamata kudzidalira pa kuphika, pa kudziteteza ndi pa kupirira usiku. Malo omangapo tenti amapemphedwa kwa a mfumu, ndipo a mfumu amayamba afunsa ngati kwagwa zovuta, chifukwa m'mudzi tenti imaoneka pamaliro, kapena pa tsoka longa namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, pamene anthu ambiri a m'chigawo cha kummwera anasowa pokhala. Akamva kuti onse ali bwino ndipo kukoleji mabedi alipo, a mfumu amaganiza mozama, kenaka amalamula kuti alendo asagone kuthengo ngati kuti mudzi uno ulibe anthu. Ophunzira akaumirira, kudzidalira kuja kumachitika motere: nsima ya thelere ndi matemba imabwera kuchokera ku nyumba zitatu, mphasa zimabwera, mnyamata wa chibonga amaikidwa kuti alondere, ndipo ana makumi angapo amakhala mozungulira tenti mpaka amayi awo kuwaitana mokalipa. Usiku womwewo akuluakulu a mudzi amakhala pansi kuti apeze tanthauzo la zonsezi, ndipo poti anaona mtsogoleri akuitana mayina kuchokera m'kaundula, amagwirizana kuti anthu ophunzira sangavutike chotere kwaulere, ndiye kuti pali pulojekiti ndipo pali alawansi. M'mawa mwake wophunzira woyamba kutsegula tenti amapeza mzere wa anthu utafika kumtengo wa mkuyu, aliyense chiphaso cha unzika chili m'manja, a mfumu ali kutsogolo akufotokoza mwaulemu kuti m'mudzi muno okwera phiri alipo ambiri ndipo ena anayamba kalekale, choncho polemba mayina ayambe ndi okalamba.