Titsale a komiti okha

Kwa Mwambo, kuyambira pa Jali mpaka kutsetserekera kudoko la Kachulu, makomiti alipo osayamba: ya mjigo, ya sukulu, ya maliro, ya sikimu ya mpunga, VDC, ADC, osaiwala ya asodzi ija ya BVC, imene lamulo la za nsomba la 1997 linaipatsa mano. Nyanja ya Chilwa inaphwapo mu 1968 ndi mu 1995, anthu n'kumayenda pansi pomwe pankadutsa mabwato, koma mkangano umodzi sunaphwepo: kodi membala wamba angakhale nawo pamsonkhano wa komiti?

Mukawafunsa a Tcheya aliwonse, yankho n'limodzi: "Aaa, bwanji osabwera? Khomo ndi lotsekula." Sanama akuluwa. Msonkhanowo umachitikira pansi pa mtengo wa mango, pamene palibe khomo ngakhale limodzi.

Ndiye tiyerekeze kuti mayi wina woyanika matemba, amene salumphitsa chopereka cha pamwezi, wawakhulupirira. Wasiya nsomba pathandala, wamanga chitenje, wafika. Apeza mipando itatu yapulasitiki yakhalidwa ndi a Tcheya, a Mlembi ndi a Msungichuma, ena onse athinana pabenchi yobwereka kutchalitchi. Nkhani yaduka.

"Mayi, takulandirani. Kwagwanji?"

"Ayi, n'kwabwino bambo. Ndangoti ndidzamvere nawo."

"Kudzamvera nawo chiyani?"

"Zomwe mukukambazi, a Tcheya."

Apa a Mlembi ayamba kuvundukula chikwama kufuna malamulo a gulu. Tsoka ilo, tsamba lenilenilo linadyedwa ndi chiswe, koma mwamwayi iwo analisunga pamtima. Akuti membala angabwere koma asalankhule. Akafuna kulankhula alembe kalata. Kalatayo idzere kwa a Mlembi, amene adzaipereke pamsonkhano wotsatira, umene tsiku lake lidzadziwika.

Poti mlendo sathamangitsidwa, mayi aja apatsidwa ulemu wotsekula ndi pemphero. Akhala pansi, amvera mayina a opepesa, amvera zokambirana za mwezi watha, aomba m'manja pofunika kuomba. Demokalase mpaka apa ikuyenda bwino.

Zinthu zisintha pofika pamutu wachitatu: ndalama za chindapusa za makoka amene anagwidwa nthawi yotseka nyanja. A Msungichuma ayamba kutsokomola. Nthawi yomweyo mnyamata watulukira ndi njinga, kumbuyo kireti ya Fanta ndi jumbo ya mabanzi, zowerengedwa bwino lomwe, osatsala botolo la mlendo. A Tcheya ayang'ana kireti, ayang'ana mayi aja, akonza kolala.

"Mayi, tathokoza kwambiri chifukwa cha mtima wanu wokonda chitukuko. Tsopano titsale a komiti okha."

Mayi aja awerama, asuntha, akakhala pansi pa mtengo woyandikana nawo. Popeza mawu a a Tcheya anakulira kuitana mabwato panyanja, chinsinsi chonse chikumveka mpaka kuchigayo. Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse wadziwa kuti ndalama zija anazibwereka a Msungichuma, zili m'munda mwawo, zidzabwera mpunga ukacha.

Musaganize kuti membala wamba safunika. Ikafika nthawi youmba njerwa, yolambula ngalande kapena yosonkhera mjigo wothyoka, a Tcheya amayenda khomo ndi khomo chipewa chili m'manja. "Gululi ndi lanu, abale anga, ife ndi antchito anu chabe. Mutu umodzi susenza denga." Dengalo amasenzadi onse. Kireti yokha ndi imene imapepukira mitu yochepa.

Komatu nafe mamembala tili ndi kathu. Ukaitanidwa msonkhano waukulu wapachaka, umene aliyense ali ndi ufulu wofunsa za ndalama, funso loyamba limakhala lakuti, "Kuli zolandira?" Akati kulibe, wina mwendo wayamba kuwawa, wina akukaingitsa mbalame kumpunga. Pamakhala a komiti omwe aja, agogo awiri ndi galu wa a Mlembi, ndipo onse amasankhidwanso popanda wopikisana naye. Mawa lake pamjigo m'pamene pamatuluka akatswiri owerengera chuma, aliyense ndi chiwerengero chake cha ndalama zimene zadyedwa.

Kumudzi kwina akuti anthu anatopa nazo. Anasonkhana, anakalipa, n'kusankha komiti yapadera yoti ikaumirize makomiti onse kuti azichita misonkhano poyera. Komiti yatsopanoyo inasonkhetsa kandalama kogulira kope ndi cholembera, n'kupangana kukumana kunyumba kwa tcheya wake. Mamembala ena atapita kuti akamvere nawo, anapeza njinga khumi zatsamira khoma, chitseko chotseka. Anaodira, anaodiranso. Potsiriza panatuluka kamwana kali ndi banzi m'manja.

"Akuti ndikuuzeni kuti kulibe."