Alamu, Kapitawo sanatumidwe ndi munthu

Randburg, Johannesburg

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Kampepuza. Kuno ndine wamoyo, kungoti chisanu cha Juni chandiumitsa zala.

Mlongo wanu wandiuza pa WhatsApp kuti mphaka wanu Kapitawo wasiya kubwera pamkeka nthawi ya nsima, wangobindikira pansi pa nkhokwe, ndipo agogo aNaNgozo agamula kale kuti alipo amene akumutuma usiku. Musanaitane wamaula, mverani ine, pakuti za amphaka ndaziphunzira ndi thukuta.

A dona amene ndimawalimira maluwa ali ndi mphaka wamwamuna, dzina lake Winston. Ali ndi bedi lakelake, inshuwalansi ya kuchipatala, komanso kachitsulo ka nambala pansi pa khungu kuti akasochera adziwike kwawo. Mapepala ake ngokwana, alamu. Apolisi atatiimitsa tonse awiri, wokwera vani ndine.

Tsiku lina bwana ameneyu analowa kuseri kwa fuliji, osadya, osafuna kukhudzidwa. Mayi wophika, wa ku Bulawayo, anati wangokhuta ulemerero. A dona ayi, misozi chuchuchu, ulendo kwa dokotala wa ziweto, ine wonyamula dengu. Anakapeza kuti njira ya mkodzo yatsekeka. Kwa amphaka aamuna kanjirako nkopapatiza, timiyala timatsekamo, mkodzo nkudzaza, impso nkufooka, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri ndi maliro. Dokotalayo anati mphaka sabuula. Kuthengo wodwala ndiye amadyedwa, choncho akamva ululu amabisala, kaya ndi dzino, kaya chithupsa cha kulumana ndi anzake, kaya impso. Ndalama zimene analipira tsiku limenelo zikanagula feteleza wa munda wanu wonse wa kachewere ku Tsangano, nkutsala ya kanyenya.

Tsono Kapitawo alibe inshuwalansi, inshuwalansi yake ndinu. Yambani mwafunsa ngati pamudzipo wina wathira tameki wa makoswe. Kuno amamutcha two-step, ati ukadya umangoponda kawiri basi. Mphaka akanyambita zimenezo amatuluka dovu, kunjenjemera ndi kutsegula m'mimba. Muonenso ngati akukodza, akumwa madzi, kapena akutsimphina. Akatha masiku awiri kapena atatu osadya, chiwindi chimayamba kuwonongeka.

Chonde, chonde, musamupatse Panado. Ndikukudziwani inu, matenda alionse mumapereka Panado, ngakhale njinga ikaphwa. Chiwindi cha mphaka sichitha kulimbana ndi mankhwala amenewo, m'bulu umodzi wokha ungamuphe.

Komanso musapise dzanja pansi pa nkhokwepo mwachibwana. Chiwewe si cha agalu okha. Kapitawo akayamba kulusa kapena kudondetsa malovu, ana asamuyandikire. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala chachikulu pa boma tsiku lomwelo, osadikira kuti tione kaye mawa. Chiwewe chikaonekera pa munthu sichichizika.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru. Nkolipira kabaza wokatenga alangizi a ziweto, osati masese a pa Lizulu, ndipo mlongo wanu ndamuuza kuchuluka kwake. Agogo muwauze mofatsa, asaganize kuti ku Joni kwandiphunzitsa mwano. Winston akakhala bwino ndipempha tchuthi, tidzaonane pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo.

Moni kwa apongozi ndi ana onse.

Ine mlamu wanu,
Bambo a Tadala