Kaundula wa Zowonongeka pa Khomo la Msilikali, Lisasadzi, 1940–1946

Walemba ndi mdzukulu, potsata mmene agogo aakazi ankawerengera.

1940. Mkamwini wa pakhomo, mwamuna wa agogo, walembedwa usilikali wa Keyala, wapita ku Zomba. Kamba wa paulendo: nkhuku imodzi, ufa lichero limodzi. Khasu lake latsala, wolimira palibe.

1941. Kalata yochokera ku Abyssinia, komwe mzinda wa Gondar unalandidwa m'manja mwa Ataliyana mu Novembala. Kwa aphunzitsi owerenga kalatayo: mazira anayi. Polembetsa yankho: ena anayi.

1942. Denga likudontha, nkhokwe yapendekeka. Zonsezi ndi ntchito za mwamuna. Atsibweni ali ku Salisbury, alamu ali ku Wenela. Choncho mowa wa dima: chimanga madengu awiri, chimera, nkhuni zosenza pamutu. Chimangacho chinali cha phala la ana la mwezi wa Febuluwale, ndipo anawo anagonera maungu osakhwima. Chaka chomwecho theka la munda linagonera, tchire n'kulowamo. Mzere uwu ndi umene agogo ankaubwereza, chifukwa munda ukangogonera, njala yake imafika chaka chinacho.

1943. Nsalu yasowa m'masitolo a Amwenye pa Kasungu, sitima zapamadzi zikunyamula za nkhondo. Chilundu chimodzi chang'ambidwa pakati, mayi ndi namwali agawana. Ndalama yotumizidwa ndi msilikali imalandiridwa ku boma: ulendo wapansi, mwana kumsana, kumunda kosapita tsiku limenelo.

1944. Msilikali ali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, m'gulu la 11th East African Division, mvula ili pamutu. Kalata palibe. Kwa woombeza ula: tambala. Chopereka cha kutchalitchi: mtedza mbale imodzi. Mwana wamkulu wasiya sukulu kuti aziweta mbuzi, ndipo sanabwererekonso.

1945. Nkhondo yatha mu Ogasiti. Mwamuna sanafike.

1946. Wafika. Zolowa: jombo, chijasi, bulangete, kandalama kogulira njinga. Zotuluka: mbuzi ya phwando, mankhwala a malungo, ndi tulo ta agogo, poti mwamunayo ankadzuka usiku akukuwa.

Amuna pafupifupi 30,000 a ku Nyasaland anapita ku nkhondo imeneyi, ndipo aliyense anali ndi nambala m'mabuku a boma. Akazi amene analima minda yawo sanalembedwe paliponse, malipiro awonso sanaperekedwe. Ngati kwanu kuli agogo okumbukira zaka zimenezi, tengani kope mukawafunse.