Maso a Nkhono Pansi pa Galimoto

Makolo athu, amene sanaonepo injini ngakhale m'maloto, ndipo akafuna kupita kutali ankangomanga kamba n'kuuyamba wapansi, anatisiyira mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ine, posinkhasinkha za mabwana a ku Area 9 ndi magalimoto awo, ndafika pokhulupirira kuti akuluakuluwo sankanena za nkhono yokha ayi, koma ankalosera za dontho la oyilo limene limagwa pa simenti pakati pa usiku, mwini galimoto ali m'tulo tofa nato.

Chichokereni likulu ku Zomba m'chaka cha 1975, mzinda wa Lilongwe unayalidwa motalikanatalikana, kotero kuti munthu wogona ku Area 9, cha ku msewu wa ku Mchinji, koma wodyera ku Capital Hill kapena ku City Centre, akasowa galimoto ulemu wake umachepa. Tsono magalimoto amene timanyadira, kaya ndi Toyota, kaya ndi Nissan, ambiri anayamba atumikira mbuye wina ku Japan, natsikira pa doko la Dar es Salaam, nalowera pa Songwe, nakwera zitunda za Chiweta asanafike pa geti la bwana. Ndipo ngakhale penti ikhale ikunyezimira chifukwa mnyamata wa pabwalo amaitsuka m'mawa uliwonse, magasiketi a labala amene amatsekera oyilo m'kati amakhala atauma kale ndi kutentha kwa zaka zambiri. Chikomekome cha mkuyu. Woyamba kuona banga lakuda pansi amakhala mlonda, koma iye, podziwa kuti kunenera zoipa galimoto ya bwana n'kuputa mavu, amathirapo mchenga mwakachetechete n'kubwerera pa mpando wake.

Tsiku limene nyali yofiira ya oyilo idzaphethira, bwana amathamangira ku Biwi kapena ku Malangalanga, mtima uli m'mwamba, nati, "Achimwene, ikudontha iyi, tandimatireni msanga, ndili ndi msonkhano 2 koloko." Ndipo pakuti malowo sasowa mnyamata wokonda ndalama ya changu, wina amayankha, "Musadandaule bwana, apa n'ka silikoni chabe," nalowa pansi ndi chubu chake, napaka paliponse pamene pali ponyowa. Apa ndi pamene pamachitika chosalungama chachikulu m'dziko la magalimoto. Oyilo, monga chamadzimadzi chilichonse, amatsika kuchokera kumwamba, ndipo galimoto ikamathamanga mphepo imamukankhira kumbuyo. Choncho pamene akudonthera si pamene akutulukira. Kawirikawiri wochimwa amakhala gasiketi wa chivundikiro cha pamwamba pa injini, chimene amakaniko amati topu kava, kapena silo ya kutsogolo kwa kirankishafiti. Koma wolandira chilango ndi sampu, amene mlandu wake ndi wongokhala pansi pa onse. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Bwana amafika pa msonkhano nthawi yabwino, ndipo Lachisanu lisanakwane mlonda watapanso mchenga.

Makaniko wodekha, ndipo alipo ndithu ngakhale sakuwa kwambiri m'mphepete mwa msewu, amayamba watsuka injini yonse, naisiya kuti iume gwa, kenaka n'kuiliza ali chigonere pansi ndi tochi, kudikira kuti kamzere katsopano ka oyilo kaonekere, nakalondola chokwera kufikira pa gwero pake. Ena amawazapo paudala wa ana kuti njirayo ilembeke bwino. Ngakhale bwana mwini, popanda kudetsa suti, angathe kuyala katoni pansi pa galimoto madzulo n'kuiwerenga m'mawa, pakuti dontho lililonse lili ndi mtundu wake: lakuda kapena lofiirira ndi oyilo wa injini, lofiira ndi la giyabokosi ya otomatiki, kapena la pawa sitiyelingi, lobiriwira kapena lapinki, lonunkhira motsekemera, ndi madzi a redieta, amene agalu a pakhomo sayenera kunyambita chifukwa ndi poizoni, ndipo loterera, lachikasu pang'ono, lopezeka m'kati mwa tayala, ndi la mabuleki, limene silifuna mwambi uliwonse koma kuimika galimoto pomwepo.

Za silikoni sindinena zomunyoza, pakuti ngakhale Nowa sanakane phula pomanga chingalawa, ndiponso injini zambiri za ku Japan zimachoka ku fakitale sampu yake ili yomatidwa ndi mankhwala a mtundu womwewu m'malo mwa gasiketi. Chimene ndikana ndi chikhulupiriro chakuti kuchuluka kwa silikoni ndiko kulimba kwa ntchito. Silikoni amafuna kuti zotsalira zakale zipalidwe, chitsulo chipukutidwe kufikira pasakhale mafuta ngakhale pang'ono, ndipo aikidwe kamzere kopyapyala kosaduka, kozungulira mabowo a mabawuti. Mabawutiwo amangidwe mopingasa ndi mphamvu yoyenera, pakuti wokoka sipanala mwaukali amapinda chivundikiro n'kubala kudontha kwatsopano. Ndiyeno, ichi ndiye chimene mabwana sachikonda kumva, silikoniyo apatsidwe maola ngati 24 kuti akhwime. Koma wa changu uja amazira silikoni monga mayi azira khonde alendo akamabwera, ndipo zimene zafinyikira kunja timaziona n'kuyamika kuwolowa manja kwake, osadziwa kuti zofanana nazo zafinyikira m'kati, kumene zidzathothoka, n'kukatseka sefa imene pampu imakokera oyilo. Pamenepo injini imene inkangolira misozi pang'onopang'ono imafa ndi ludzu oyilo ali tho m'sampu. Petulo nayenso sagwirizana ndi silikoni, amamufewetsa. Ndipo gasiketi wa silinda hedi, amene amalekanitsa moto, madzi ndi oyilo, salola mthandizi wotere mpang'ono pomwe. Ameneyo akapsa, oyilo amasanduka woyererako ndi wathovu, utsi woyera umatuluka kumbuyo, redieta imabwata, ndipo iwo amene amaswera dzira m'menemo kuti litseke bowo amangoonjezera ndiwo pa maliro.

Koma pali dontho limodzi losalakwa, ndilo madzi oyera mbee amene amagwa cha kumanzere, kumunsi kwa dashibodi, galimoto ikayenda ndi eyakoni m'nyengo yotentha ya Okutobala. Amenewo ndi chinyezi chabe cha mumpweya, chimene chili ndi kapaipi kake kotulukira. Anthu amasimba za bwana wina wa ku Area 9 komweko amene, ataona chithaphwi chotere pa bwalo la ofesi pamaso pa anzake, anachita manyazi, nalamula kuti potulukapo pamatidwe tsiku lomwelo. Ndipo mnyamata wa chubu, posafuna kutsutsa wamkulu amene wagwira kale chikwama m'manja, anamvera. Pansi panaumadi. Madziwo, atasowa khomo, anadzaza kabokosi kake, nasefukira m'kapeti ya mpando wa kumanzere, umene ndi mpando wa mayi wa kunyumba, Lamulungu m'mawa, atavala nsapato zawo za ku tchalitchi.